Amuna anga ali ndi chibwenzi mu gemu, kodi ankhoswe ndikawauze chiyani?

Azakhali,

Ino ndi 2 koloko usiku, ndili kukhitchini, ndikulemba pa foni ya mng'ono wanga poti yanga anatenga amuna anga. Ndiyambe ndi kunena kuti bambowa samwa mowa, sanandimenyepo, lendi salumphitsa. Ndanena dala, chifukwa aliyense amene ndamudandaulira amangoti, "Ndiye ukufunanso chiyani?"

Vuto ndi PUBG. Ngati simuidziwa, ndi gemu ya pa foni: anthu 100 amadumpha m'ndege ndi maparachuti, n'kutera pachilumba, n'kumawomberana mpaka patsale gulu limodzi. Amasewera anayianayi, akulankhulana pa mahedifoni. Ine sindinaigwirepo koma ndimaidziwa ngati katekisimu, poti ndimagona nayo chipinda chimodzi. Ndikudziwa kuti ku Pochinki kumafa anthu ambiri. Tangoganizani, mayi wogulitsa kaunjika kudziwa mudzi woti kulibe.

Takhala m'banja zaka zisanu, tili ndi mwana mmodzi wa zaka ziwiri. Gemuyi anaiyamba ndili woyembekezera, nthawi imene ndinkagona msanga ndi kutopa. Mwina pamenepo ndinalakwa ine, sindikudziwa. Ndinkaona ngati bola zimenezi kusiyana n'kumayendayenda usiku.

Mwezi watha mwana anatentha thupi pakati pa usiku, mpaka kunjenjemera. Ndinawagwedeza phewa. Anangokweza chala chimodzi, maso ali pa foni. "Dikirani pang'ono mayi, tatsala ochepa, zoni ikutseka." Akuti gemuyi siimitsika, ukachokapo anzako aphedwa. Sindiwanamizira, kuchipatala tinapita, njinga yamoto anakaisaka okha, mwana ananyamula okha, ndipo anapezeka ndi malungo. Koma mphindi zinayi zimene ndinaima nditanyamula mwana wotentha ngati mbaula ndinaziwerenga, ndipo mpaka lero ndikuziwerengabe.

Za ndalama ndinganene mpaka kucha. Mu gemumo muli ndalama yake, amati UC, ndipo mtengo wake umatsata dola. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ine mafuta ophikira ndimagula oyeza pa kabotolo. Iwo anatumiza K40,000 kwa mnyamata wina kuti awagulire UC, n'kuveka chidole chawo, chija chowaimira mu gemumo, suti yofiira ndi mfuti yonyezimira. Chidole kutchena, mwana nsapato zikumuthina. Ndiye pali pawabanki. Ndinagula ine, ndi ndalama zanga za ku banki m'khonde, kuti magetsi akazima makasitomala azindipezabe pa WhatsApp. Ndinasankha yaikulu, ya mabowo awiri, ndinachita kunenerera. Lero imakhala kumitu kwawo, ndikaifuna ndimachita kupempha. Mwina muona ngati n'zazing'ono koma zimandiwawa.

Lamulungu akusamba ndinatsegula foni yawo. Ndikudziwa, si khalidwe. Chidole chawo chinaima pafupi ndi chidole chachikazi, pali kamtima ndi mawu akuti "Lover". Nditawafunsa anaseka. Akuti ndi mtsikana wa ku Nairobi, sanaonanepo, nkhope yake saidziwa, chizindikirocho anangoika poti amasewera limodzi kawirikawiri. Ndinafufuza WhatsApp, Facebook, paliponse. Sindinapeze chonyansa chilichonse. Ndipo Azakhali, ndikanachipeza mwina bwenzi mtima utakhala pansi, poti ndikanadziwa dzina la matenda anga.

Iwo amati inenso ndili ndi anga a pa Zee World. Zoona ndimaonera, koma ola limodzi lokha, ndikusenda mbatata kapena kusita, ndipo mwana akalira ndimadzuka pomwepo. Ndinalirapo kamodzi munthu atafa mu filimu, mpaka pano amandinena nazo. Koma anthu a mu filimuwo sandiyankha. Dzina langa salidziwa. Sandidikirira 11 koloko iliyonse kuti ndilowe.

Lachitatu ndinadzidzimuka ndi kuseka kwawo. Kuseka kwenikweni, kochokera m'mimba, kumene ndinakumva komaliza tili pachibwenzi. Ndinasuzumira. Chidole cha mtsikanayo chinali chitawomberedwa, chikukwawa, ndipo amuna anga, ndi Chingerezi chawo chothyokathyoka, ankamuuza kuti asaope, akubwera kudzamudzutsa. Anathamangadi pakati pa zipolopolo, osati dikirani, osati tatsala ochepa. Anafika n'kumudzutsa.

Mmene foni inapezekera m'ndowa ya matewera sindifotokoza. Mawu amene ndinanena okhudza mayi awo sindiwalembanso. Foniyo ili mu mpunga tsiku lachitatu tsopano, siikuyaka, ndipo ngongole yake sanamalize kubweza.

Sanakalipe. Bola akanakalipa. Anaivuula, kuipukuta ndi malaya, n'kunena chapansipansi kuti, "Kuntchito ndimatukwanidwa kuyambira m'mawa, kuno ndikafika ndi nkhani ya ndalama. Umu ndi mokhamo mmene anthu amasangalala ndikafika." Mawu amenewa andilasa. Ine sindisangalala akafika? Nanga madzi osamba amawatenthetsera ndani? Komanso ndikaganiza, sindikukumbuka tsiku lomaliza limene ndinawafunsa kuti kuntchito kwayenda bwanji. Koma nawonso anandifunsapo liti?

Ndiye ndithandizeni. Kodi chimenechi n'chigololo kapena ndikuchita nsanje ndi chidole? Ndikapita kwa ankhoswe, malume anga a ku Ntcheu oti foni yawo ndi ya mabatani, ndikayambire pati, ndikati mkamwini wanu ali ndi mkazi pachilumba? Adzandiseka. Ndipepese za foni ndisanamve kupepesa kwawo pa za mwana? Ndiwagulire ina, ndikudziwa chimene akachite nayo? Mng'ono wanga akuti ndiphunzire gemuyo tizisewera limodzi, koma ine ndikafike pomapikisana ndi mtsikana wa ku Nairobi pa kuwombera mfuti?

Mng'ono wangayo wandiuzanso kuti kuviika foni sikunaphe kanthu, akaunti anailumikiza ku Facebook, atha kulowa pa foni iliyonse, suti yofiira ija n'kuipeza ili chomwecho. Foni yanga ali nayo kuchipinda, akuti ya alamu ya kuntchito. Ndapita kawiri kukatchera khutu pachitseko. Kuli zii.

Ine wothedwa nzeru,
Mayi wa ku Chilomoni, Blantyre