Kwa Tiya ku Joni, nkhani ya BP

Tiya mnzanga,

Uthenga wako ndinauona Lolemba koma mutu sunali pamalo. Mayi ake a Chiko anagwa kubafa Lachiwiri lapitalo, sitiroko, mbali yonse yakumanja siikugwira ndipo pakamwa papindika moti madzi tikuwamwetsa ndi supuni. Anali pa mankhwala a BP zaka zingapo ndithu kenako anangosiya okha eti akupeza bwino mutu suwawanso. Nanga BP imachita kuwawa? Munthu umangoyenda bwinobwino kumapita kumsika pomwe mkatimu mtima ukupopa mokakamiza mpaka kamtsempha ka mu ubongo kuphulika kapena kutsekeka. Mayi aja omwe ankatikalipira tikachedwa kumjigo lero akulephera kutchula dzina la mwana wawo, ndinalira Tiya.

Nditachoka kukawaona ndinakayezetsa nanenso, 152/96. Anesi anati kuyeza kamodzi sikokwanira ndibwerenso masiku ena, ndinabwerera kawiri koma sizinatsike. Akuti zabwino ndi cha m'ma 120/80, ukamangopezeka pa 140/90 kupita m'mwamba ndiye kuti yakwera. Pano ndili pa HCTZ, kapilitsi kamodzi m'mawa, kamakodzetsa ndiye ndimamwa dzuwa lisanakwere, ndipo andiuza kuti ngakhale itsike ndisadzasiye pandekha.

Koma chimene chandisowetsa tulo ndi iwe ndi mchere wako uja. Ndimakudziwa, ndiwo usanalawe n'komwe dzanja lili kale mu kabotolo, mango osapsa mchere, chips cha pa chiwaya mchere mpaka chiyere! Ukudziwa kuti a WHO, bungwe loona zaumoyo padziko lonse, amati munthu wamkulu asapitirire magalamu 5 patsiku? Ndi ka supuni ka tiyi kamodzi katsiku lonse, kuwerengera ndi womwe uli kale mu buledi, mu timakyubu tothira mu ndiwo, mu usipa wouma. Ndiye iwe ndi ma kota ako umanditumizira pa WhatsApp aja, polony, soseji ya Russian, atchar, chips zonse mu buledi mmodzi, ndikaona chithunzi ndimangowerengera masupuni. Dzulo ndinalota ukunyambita mchere m'manja ngati mbuzi ine ndikukulanda. Komanso paja bambo ako anali a BP, zimayenda m'magazi izi. Pita ku famase ya Clicks kapena ku kiliniki akakuyeze, sizitenga mphindi zisanu, unditumizire manambala onse awiri osati zongoti ndili bho.

Kuno kunyumba nkhondo, bambo a Junior akuti ndiwo zanga zikumveka ngati za kuwodi, amabisa mchere wawo m'thumba la jekete. Ine ndimangochulutsa tomato, anyezi ndi adyo, nkhwani wotendera sufuna mchere wambiri n'komwe, lilime lizolowera. Madzulo ndimayenda mphindi 30 ndi aNambewe mpaka pa mjigo wakale n'kubwerera, iwo amalankhula njira yonse ine wefuwefu. Magetsi akungothimathima, makala akwera, ndipo chitenje chako chija telala sanasokebe. Eya, Mercy wabereka, wamkazi.

Chiko akufunsa ngati ungamupezere kamakina koyezera BP kunyumba, ka pa mkono wam'mwamba osati ka ngati wotchi kaja, ndalama akuti atumiza kudzera kwa mlamu wako uja akamabwera pa basi, koma ndikudziwa kuti iwe ndi mlamu wakoyo panopa... foni yatsala 3%, za mlamuzo mawa