Corolla yonjenjemera m'mawa

Achimwene,

Ife kuno ku Chipata tadzuka bwino, kaya inu ndi alamu uko ku Johannesburg? Juni watigwira ndithu, m'mawa mame ali mbuu pagalasi. Nanga inu kumeneko, kumene chisanu chimachita kuyeretsa udzu!

Mwati Corolla yanu ikumanjenjemera mukailiza m'mawa, koma ikatentha imayenda bwinobwino. Chonde musagule kanthu kaye. Yanga, ya injini ya 1ZZ ngati yanuyo, inandivuta chimodzimodzi chaka chatha, mpaka ndinataya ndalama pogula mapulagi anayi, akalewo alibe mlandu.

Pomwe ndinkalakwitsa ndi apa: kwa makaniko ndinkafika masana, nditazungulira kale ku Kapata ndi m'tauni, injini itatentha. Ankaitchera khutu n'kunena kuti ili bwino. Tsiku lina mdala wina wa pagalaja anati, "Isiyeni igone pompano." M'mawa mwake 6 koloko tinailiza limodzi. Chiwongolero chinkagwedera m'manja, kumbuyo ikutsokomola ngati munthu wa chifuwa. Atalumikiza kompyuta panatuluka P0302, kutanthauza kuti silinda yachiwiri ikuphonya kuyaka. Mdalayo sanathamangire kusitolo. Anangosinthanitsa koyilo (kachipangizo kopereka moto ku pulagi) yachiwiri ndi yachitatu, ndipo tsiku lotsatira vuto linasamukira ku P0303. Titaizula koyiloyo, labala yake inali ndi kamng'alu kochepa ngati tsitsi, ndi kamzere kakuda pomwe moto unkathawira. Anandifotokozera kuti kukazizira petulo sasakanikirana bwino ndi mpweya, ndiye amafuna moto wamphamvu kuti ayake. Kuwonjezera chinyezi cha usiku, koyilo yofooka imagonja.

Kwanuko ikaonetsa P0171 (mpweya wachuluka kuposa petulo) pamodzi ndi P0300 (masilinda osiyanasiyana akuphonya kuyaka), ganizirani gasiketi ya manifodi yolowetsa mpweya mu injini. Pa injini zimenezi ikakalamba imauma, kukazizira imanyala n'kumalowetsa mpweya wakuba, injini ikatentha mpatawo umatsekeka, vuto n'kubisala. Muonetsetsenso kuti thermostat, kavalavu kotsekereza madzi mpaka injini itatentha, ilimo. Kuno ambiri amaichotsa poopa dzuwa la Okutobala, makamaka oyenda njira ya ku Mfuwe, ndipo zimandiwawa, chifukwa injini imachedwa kutentha, n'kumangomwa petulo m'mawa wonse.

Chimene chikundidetsa nkhawa ndi chija munanena, kuti nyali ya check engine nthawi zina imaphethira. Ikamaphethira musaikakamize pamsewu, achimwene. Petulo wosapsa amakathera mu ekizozi n'kuwotcha catalytic converter yoyeretsa utsi, ndipo imeneyo mtengo wake ndi wa makoyilo angapo.

Pezani makaniko wovomera kuti galimoto igone kwake, ndipo mukhalepo nokha poiliza. Nambala imene ituluke muijambule munditumizire pa WhatsApp, ndikawaonetse mdala uja.

Amayi akupereka moni. Mtedza wa chalimbana wauma, akusungirani thumba lanu mpaka mudzabwere.

Ndine mng'ono wanu,
wa ku Kapata