Za nsato zanu ziwiri zija

Achimwene,

Ndalandira uthenga wanu wonena kuti mwagula tiana tiwiri ta nsato za mtundu wa ball python, ndiponso kuti kamodzi kakana khoswe kawiri konse. Mtima ukhale m'malo. Njoka zimenezi n'zotchuka ndi kunyanyala chakudya, ndipo nthawi zambiri chimene chimazinyanyalitsa ndi nyumba imene zaikidwamo. Tiyambire pamenepo.

Zisiyanitseni lero lomwe, iliyonse m'bokosi lakelake. Nsatozi sizikhala m'magulu. Mukaziona zitapiringizana pamalo amodzi musaganize kuti zikukondana, kumeneko kungakhale kulimbirana malo ofunda. Ndiponso tsiku limene mudzapeze masanzi kapena chimbudzi chamadzimadzi simudzadziwa kuti yadwala ndi iti. Ngati m'nyumbamo muli kale njoka kapena abuluzi oweta, zatsopanozi zikhale m'chipinda china masiku 90, ndi mbale komanso zopanira zakezake. Pa nthawi imeneyi pansi pa bokosi muziyala mapepala oyera opukutira m'manja, chifukwa pa pepala loyera nthata zimaoneka msanga. Nthatazo ndi timadontho takuda toyenda, timakonda mozungulira maso ndi pansi pa chibwano, ndipo njoka imene ili nazo imakhalitsa m'mbale ya madzi.

Nsato yamtunduwu ikakula imatalika masentimita 90 mpaka 150, zazikazi kuposa zazimuna, ndipo imakhala zaka 20 mpaka 30. Yaikulu imafuna bokosi la masentimita 120 m'litali, 60 m'lifupi ndi 60 msinkhu. Kwa ine bokosi la pulasitiki yolimba ya PVC liposa thanki yagalasi yokhala ndi sefa pamwamba, pakuti sefayo imataya kutentha ndi chinyezi. Ngati thankiyo mwagula kale, phimbani mbali yaikulu ya sefa. Chivundikiro chikhale chokhoma, chifukwa njoka imakankha ndi mphuno usiku wonse, ndipo pamene palowa mutu thupi lonse limadutsa.

Nkhani yaikulu ndi ya kutentha. Njoka siipanga kutentha m'thupi mwake, imadalira malo amene yagona, ndipo ikazizidwa chakudya sichigayika m'mimba. Ndiye bokosi likhale ndi mbali yofunda ndi mbali yozizirirapo, njoka izisankha yokha. Mbali yofunda ikhale madigiri a Celsius 31 mpaka 33, inayo 24 mpaka 27, usiku osatsika kupitirira 23. Chotenthetsera chilichonse, kaya ndi babu, kaya ndi kamphasa kamagetsi koika pansi pa bokosi, chilumikizidwe ku thermostat, kachipangizo kozimitsa chotenthetsera kutentha kukafika pa muyezo. Apa musanyengerere ndalama. Kamphasa kopanda thermostat kamatentha mopyola muyezo, ndipo njoka siichokapo msanga, imangogonabe mpaka mimba yonse zilonda za moto. Miyala yamagetsi yotenthetsera ija musagule n'komwe. Babu likakhala m'kati mwa bokosi litchingidwe ndi waya, chifukwa nsato imadzikulunga pa chilichonse chofunda. Muyeze ndi ma thermometer a digito awiri, imodzi mbali iliyonse, ndipo kachingwe koyezera kagone pamene njoka imagona. Tima thermometer tozungulira tomata pagalasi tija timanama. Tepi yomata isapezekenso m'bokosi ngakhale kachidutswa, imakakamira pa mamba n'kung'amba khungu.

Kwawo ku West Africa, m'mayiko monga Ghana, Togo ndi Benin, nsatozi zimakhala tsiku lonse m'mauna a makoswe ndi m'zulu, n'kumatuluka kukada. Ndiye chifukwa chake bokosi lapululu limaziopsa. Muike mobisalira muwiri mofanana ndendende, mumodzi kofunda, mumodzi kozizira. Mobisaliramo mukhale mothina, mwa khomo limodzi, moti njoka ikadzipinda izikhudza makoma onse. Mukaika mumodzi mokha, njoka imasankha kubisala ngakhale ikuzizidwa kapena kupsa. Malo otsala mudzazemo masamba apulasitiki ndi nthambi, kuti izitha kuchoka mbali ina kupita ina osaonekera.

Chinyezi chikhale maperesenti 60 mpaka 70, ndipo pofundula chifike cha m'ma 80. Masiku a mapepala akatha, yalani makoko a kokonati ogaya masentimita 8 kapena 10. Madzi muzithira m'makona kuti pansi panyowe pamwamba pakhale pouma. Njoka ikamagona pachinyontho nthawi zonse, mamba a kumimba amafiira n'kuyamba kuwola. Utuchi wa paini kapena mkungudza ayi, mafuta ake amawononga mapapo. Panopa muli pa mapepala, onjezani kabokosi kachitatu kobisalamo kokhala ndi ndere za sphagnum zofinya bwino. Mbale ya madzi ikhale yolemera kuti isagubuduzike.

Mukakonza zonsezi, zisiyeni sabata yathunthu osazigwira, osaonetsa alendo, kungosintha madzi basi. Ndikudziwa kuti apa ndi pamene anthu ambiri amalephera, koma kuzigwira kudikire mpaka iliyonse itadya kawiri kapena katatu motsatizana.

Funsani amene anakugulitsani kuti zinkadya chiyani, mbewa kapena makoswe, amoyo kapena a mufiriji, ndipo muyambire pomwepo musanasinthe. Kukula kwa khoswe kufanane ndi pamene thupi la njoka lanenepa kwambiri. Pa sikelo, kwa kamwana, ndi maperesenti 10 mpaka 15 a kulemera kwake, kutanthauza kuti njoka ya magalamu 200 idye khoswe wa magalamu 20 mpaka 30. Tiana timadya masiku 5 mpaka 7 alionse, zazikulu pakapita milungu iwiri kapena itatu. Khoswe wouma ndi chisanu asungunuke usiku wonse m'chigawo chosaumitsa cha firiji, kenako mumuike m'kathumba kapulasitiki n'kumuviika m'madzi ofunda kwambiri mphindi 10 mpaka 15. Mu microwave ayi, amapsa m'kati kapena kuphulika. Mutu wa khoswe ndi umene uyenera kufunda koposa, chifukwa nsato ili ndi timaenje pa mlomo wam'mwamba timene timamva kutentha, ndipo khoswe wozizira siimuzindikira ngati chakudya. Mupereke kukada, ndi chopanira chachitali, m'bokosi momwemo, mukumugwedeza pang'ono patsogolo pa khomo la mobisalira. Ikakana, musiyeni pakhomopo usiku wonse, m'mawa mutaye, ndipo musayesenso mpaka patapita masiku 7. Kuyesa tsiku ndi tsiku kumangowonjezera mantha. Ngati pafunika khoswe wamoyo musachokepo, poti khoswe amatha kuluma njoka mpaka kuoneka fupa.

Ikadya, maola 48 osaigwira. Ikasanza, dikirani milungu iwiri, onaninso kutentha, kenako mupereke khoswe wocheperapo.

Muziyeza njokazo pa sikelo ya magalamu n'kumalemba. Nsato yaikulu, makamaka yaimuna, imatha miyezi osadya thupi lili bwinobwino. Kamwana sikapirira chotero. Kakatsika ndi maperesenti 10, kapena msana ukayamba kusongoka, pitani nako kwa dokotala wa ziweto wodziwa zokwawa.

Maso akachita mtambo, khungu n'kuzimirira, ndiye kuti ikufuna kufundula, ndipo zambiri zimakana chakudya pa nthawiyi. Chikopa chizituluka chathunthu. Chikatuluka zidutswazidutswa, chinyezi chachepa. Muone ngati tizikopa ta m'maso ndi ta kunsonga ya mchira tachoka. Tikatsalira, ikani njokayo m'kabokosi kokhala ndi thaulo lofunda lonyowa kwa mphindi 20 kuti idzikhule yokha, ndipo ta m'maso musatole ndi zala.

Zimene siziyenera kudikira ndi izi: kupuma molira mluzu, thovu kapena ntchofu m'kamwa, kupuma kukamwa kuli yasa, kapena kulephera kudzitembenuza mukaigoneka chagada. Musambenso m'manja ndi sopo mukagwira njoka kapena ziwiya zake, chifukwa zokwawa zimanyamula tizilombo totsegula m'mimba ta Salmonella, ndipo mbale zake musatsukire pamene mumatsukira za anthu.

Munditumizire chithunzi cha bokosi lonse, manambala a ma thermometer onse awiri m'mawa ndi usiku, ndiponso kulemera kwa njoka iliyonse. Moni kwa onse kunyumbako.

Ndine mnzanu.