Mivi ya pa foni izibwera nthawi yake pa mphambano

Akonzi,

Tiloleni tiyankhulepo pa kanthu kooneka kakang'ono koma kovutitsa madalaivala. Masiku ano ambiri kuno ku Kasungu sanyamuka ulendo wa ku Lilongwe foni isanakhazikike pa dashibodi. Ukamayandikira mphambano yaikulu, pamwamba pa sikirini pamatuluka timivi tondandalikana, kowala kwambiriko n'kosonyeza leni yoti ulowe. Timivi timeneti n'tothandiza pokhapokha tikatuluka pa nthawi yake, ndipo nthawi yakeyo siyezedwa ndi mtunda wokha ayi.

Tinene kuti wopanga pulogalamu ya mapu yolondolera njira waika lamulo loti mivi izioneka pakatsala mamita 300. Galimoto yothamanga makilomita 80 pa ola imadya mamita 22 pa sekondi iliyonse, ndiye mamita 300 aja atha m'masekondi 13 kapena 14. Pa liwiro la 50, mtunda womwewo ndi masekondi pafupifupi 22. Tsono taonani zomwe dalaivala ayenera kuchita m'nthawi imeneyo. Aponye diso pa foni, osapitirira masekondi awiri. Ayang'ane galasi lam'kati, kenako lam'mbali, ayatse indiketa, acheuke kuona ngati palibe wa kabaza wabisala pomwe galasi silionetsa, adikire mpata, ndiyeno alowe mosathamangira. Wa galimoto yaing'ono, msewu uli wopanda anthu ambiri, amafuna masekondi 10 mpaka 15. Wa thiraki yodzaza mabelo a fodya yopita ku Kanengo timupatse 20 kapena kuposa, chifukwa mpata woti galimoto yaitali ilowemo sapatsa wamba. Ngati maleni oti awoloke ndi awiri, ntchito yonseyi aichita kawiri. N'chifukwa chake tikuti pulogalamu iziwerenga masekondi potengera liwiro la galimoto pa nthawiyo.

Komanso kuwerengako kusamathere pakatikati pa mphambano. Malo enieni ndi pomwe mzere woduladula umasanduka mzere woyera wosaduka, poti kuyambira pamenepo lamulo silikulolanso kusintha leni. Muvi ukatuluka munthu atafika kale pa mzere umenewo, umangomuika pa mayesero: adumphe mzere kapena aphonye njira. Ambiri amadumpha, ndipo kukhulana kwa m'mbali kumayambira pomwepo.

Pa mndandanda wa magalimoto nkhani imatembenuka. Mukuyenda pa liwiro la 10 kapena 15, masekondi 15 ndi mamita 40 mpaka 60 okha, pomwe mzere wa okhota wayambira kutali kumbuyo. Wotsatira foniyo amadzapezeka ali pambali, akupempha mpata ndi dzanja pa windo, ma hutala akulira kumbuyo kwake. Pamenepa mivi iyenera kutuluka msanga, asanafike pomwe pathera mzerewo. Mapulogalamu omwe amajambula msewu ndi mtundu wofiira pakakhala kuchulukana amadziwa kale pomwe magalimoto ayambira kukwawa, choncho izi si zosatheka.

Kufulumira kwambiri nakonso kuli ndi vuto lake. Mivi ikaoneka patatsala kilomita yathunthu, pakati pali kamsewu kena kopatuka, mlendo amakhotera mu kamsewuko poganiza kuti ndi pomwepo. Pulogalamu idikire munthu adutse kaye potembenukira pomaliza ponyenga. Koma mphambano ziwiri zikakhala moyandikana, monga zimakhalira pa interchange (mphambano ya misewu yodutsana pamwamba ndi pansi) ya ku Area 18 ku Lilongwe pomwe njira zotulukira zimatsatana, muvi wa poyamba uzisankha leni yomwe ikufikitsenso bwino pachiwiri. Ndipo ukangodutsa, mivi izimirike nthawi yomweyo.

Pali chinthu china chomwe ambiri sadziwa. Foni siona leni yomwe mulimo. GPS ya pa foni imaphonya ndi mamita asanu mpaka khumi, nthawi zina kuposa pakakhala nyumba zazitali kapena mitengo yowirira, pomwe leni m'lifupi mwake ndi mamita atatu kapena atatu ndi theka. Mafoni ambiri amauza pulogalamu pomwe ali kamodzi pa sekondi, ndiye pa liwiro la 80 kadontho ka buluu kosonyeza pomwe muli pa mapu katha kutsalira mamita 20. Mivi imachokera pa zomwe munthu analemba m'mapu. Pa OpenStreetMap, pomwe mapulogalamu monga OsmAnd amatengera mapu awo, pali chizindikiro chotchedwa turn:lanes chonena kuti leni iti ikhota, iti ipitirira. Msewu ukakuzidwa kapena kupakidwa penti yatsopano koma mapu osakonzedwa, foni ionetsa maleni awiri pomwe maso akuona atatu. Zikatero khulupirirani penti ndi zikwangwani. Kwa opanga mapulogalamu tikuti, ngati simukudziwa kuti zolembedwazo n'zatsopano, bola osaonetsa muvi n'komwe.

Misewu yathu yambiri kuno ndi ya leni imodzi kupita, imodzi kubwera. Pamenepo palibe chosankha, ndipo muvi umangochotsa maso a dalaivala pa msewu pomwe pali njinga, ngolo ndi ana a sukulu. Tengani pa Chinkhoma, pomwe msewu wa ku Kamwendo ndi Mchinji umapatuka pa M1. Wochokera ku boma la Kasungu amakhotera kumanja, ndipo popeza ku Malawi timayenda kumanzere, ayenera kudula kutsogolo kwa magalimoto ochokera ku Lilongwe. Chomwe akufuna ndi mawu omuchenjeza msanga kuti achepetse liwiro ndi kuyatsa indiketa, wa kumbuyo asam'gunde. Mawu amasiya maso pa msewu, chithunzi chimawalanda.

Pa raundabauti ya maleni awiri ndi pomwe mivi imagwira ntchito yeniyeni, koma ituluke musanalowe. Wotulukira poyamba agwire kumanzere, wozungulira mpaka potulukira pachitatu agwire kumanja, wopitirira atsate zomwe penti yanena. Mukalowa kale m'bwalomo si nthawi yoyang'ananso foni.

Kwa madalaivala anzathu: foni ikhale pa chogwirira chake pafupi ndi galasi lakutsogolo, osati pa ntchafu. Yatsani mawu. Tsitsiranitu mapu muli pa boma, kuti netiweki ikaduka m'njira pulogalamu isasowe choonetsa. Ndipo muvi ukatuluka mochedwa, mzere wosaduka utayamba kale, pitirirani ndi leni yomwe mulimo. Foni ikupezerani njira ina m'masekondi ochepa, mukatembenukire kutsogolo.

Aphunzitsi a zoyendetsa galimoto,
Kasungu