Galanti yoonjezera ija siidziwa mwera

Akonzi,

Ndipatseniko mpata ndikambepo za pepala limene ogulitsa mainjini a maboti, njinga zamoto ndi galimoto ayamba kutinyengerera nalo. Ukangomaliza kuwerenga ndalama, wogulitsa amatsegula dilowa n'kunena kuti, "Onjezeraniko pang'ono bwana, galanti ya kufakitale ikatha ife tidzakusamalirani zaka zina ziwiri." Ine ndinaonjezera, ndipo ndikufuna anzanga a m'mbali mwa nyanja kuno adziwe chimene ndinagula.

Ndimakhala kwa Chembe ku Cape Maclear ndipo ndili ndi boti lonyamula alendo. Ndimawatengera ku chilumba cha Thumbi kukasambira ndi nsomba za mbuna, ndimawaonetsa nkhwazi ikutsika kudzatola nsomba imene taiponyera pamadzi, ndipo madzulo ena timapita ku Otter Point kukaona dzuwa likulowa. Injini yanga ndi ya 15 HP, ija yosakaniza petulo ndi oyilo. Ndinaigula yatsopano m'sitolo ina ku Blantyre ndi ndalama za ngongole ya banki m'khonde kuphatikiza zomwe mayi a kunyumba anapeza atagulitsa usipa. Munthu amene wagula chinthu motero amakhala ndi mantha, ndipo wogulitsa uja mantha amenewo anawaona pankhope panga.

Chaka choyamba injini inayenda bwinobwino. M'chaka chachiwiri, mwezi wa July, mwera utakwiya, mafunde anakankhira boti kumchenga injini ikulira. Inameza mchenga. Patapita masiku awiri, tili pakati panyanja ndi alendo anayi, inasiya kukodza. Amaboti akudziwa chimene ndikunena: kamadzi kaja kotuluka kumbuyo kosonyeza kuti injini ikuzizira bwino. Mnyamata wanga sanaone msanga, injini inatentha mpaka pisitoni kugwira. Tinabwerera kumtunda ndi nkhafi, alendo akujambula zithunzi ngati kuti zimenezi zinali mbali ya ulendo.

Usiku umenewo sindinadandaule kwenikweni. Ndinkati pepala ndili nalo.

Nditaimba foni anandiuza kuti ndibweretse injini ku Blantyre, ndipo thiransipoti ndi yanga. Amene sanafikeko kwathu adziwe kuti kuchoka kwa Chembe uyenera kudutsa kaye m'mapiri kuti ukapeze msewu wa ku Monkey Bay, kenako pa boma pa Mangochi, Liwonde, Zomba, ndiye Blantyre. Kondakitala aliyense amalipiritsa injini ngati munthu wokhala mipando iwiri. Ndinakaisiya, n'kubwerera kudzadikira masabata atatu. Tsoka lake, miyezi ya mwera ndi imenenso alendo ochokera ku Ulaya amachuluka kuno chifukwa kwawo ndi nthawi ya tchuthi. Anzanga ankanyamula alendo anga ine ndikuonerera pansi pa mtengo.

Yankho litabwera, anandiwerengera ndime zitatu za pepala langa lomwe, zolembedwa m'Chingerezi ndi tizilembo tonga nyerere. Yoyamba: impela, kalabala kaja kopopa madzi oziziritsa injini, ndi chipangizo chotha ndi ntchito monga mapulagi ndi pulopela, choncho galanti siikhudza, komanso siikhudza chilichonse chimene chaonongeka chifukwa cha impelayo. Yachiwiri: sevisi inayenera kumachitikira kugalaja kwawo pa maola 100 alionse n'kudindidwa chidindo m'kabuku, pamene ine ndinkapita kwa makaniko wathu wa ku Monkey Bay amene wakhala akutsegula mainjini ine ndisanayambe kumeta ndevu. Yachitatu ndiyo inandimaliza: galantiyo inali ya injini yongosangalalira, osati yochitira bizinesi. Wogulitsa uja ndinamuuza tsiku lomwelo kuti ndikukanyamulira alendo, ndipo anandifunira mafuno abwino.

Anaonjezeranso kuti m'kabuleta anapezamo madzi. Apa sindinatsutse. Nthawi imene mafuta ankasowa m'dziko muno, ndani wa kunyanja amene sanagulepo petulo wa m'zigubu? Petulo wathu amasakanizidwa ndi ethanol, ndipo akakhalitsa m'chigubu pamalo a chinyezi amakoka madzi. Pepala lija limati mafuta oipa ndi mlandu wa mwini injini.

Tsono taonani, akonzi. Chimene chimapha injini pa nyanja ya Malawi ndi mchenga, miyala ya pansi pamadzi, ukonde wokulungika ku pulopela, mafuta a madzi, ndi mnyamata woiwala kuyeza oyilo. Zonsezi pepala linazikana. Chimene linavomera ndi cholakwika cha kufakitale, koma cholakwika chotero nthawi zambiri chimaonekera miyezi yoyambirira, galanti yaulere ija isanathe. Ndiye zaka ziwiri zoonjezerazo ndinalipirira chiyani? Ndivomere kuti mbali ina ndi kulakwa kwanga. Safunsa adadya phula, ndipo ine ndinasaina osawerenga chifukwa ndinkathamangira basi ya masana.

Ndinkaganiza kuti zoterezi zimagwera ife osauka okha mpaka nditakumana ndi mkulu wina wa ku South Africa amene anabwera ndi mkazi wake pa galimoto zija zokhala ndi bedi, filiji ndi kakhitchini mkati. Anaimika pa malo ena ogona alendo kuno giyabokosi itavuta. Nayenso anali ndi galanti yoonjezera, yodula kuposa boti langa. Ataimba kwawo anamuuza kuti pepalalo silinena za Malawi, ndipo ngati akufuna thandizo aikokere yekha galimotoyo kwawo. Filiji ndi mabatire a sola a m'kanyumba kake zinali ndi mapepala akeake, aliyense akuloza mnzake. Anakhala nafe masabata awiri kudikira chipangizo, ndipo amene anachimanga ndi anyamata a pa Mangochi pompano. Tinaseka limodzi, iye ndi pepala lake, ine ndi langa.

Sindikunena kuti galanti yoonjezera ilibe ntchito kwa wina aliyense. Eni malo ogona alendo ena ali ndi mainjini akuluakulu amakono oyendera kakompyuta, amene makaniko wathu sangawatsegule ndi sipanala chabe. Chipangizo chimodzi cha injini yotero chikafa, mtengo wake ungagule bwato ndi ukonde womwe. Komanso tonse tikukumbuka kuti kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, kenako ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo masipeya onse ochokera kunja anakwera nthawi yomweyo. Munthu amene analipiriratu zokonzetsa kwacha isanagwe, ndipo ali ndi galimoto yoti n'kunyamulira injini ku sevisi nthawi yake ikakwana, ameneyo mwina anapindula. Koma ameneyo si msodzi wa ku Msaka kapena ku Makawa, sinenso ayi.

Kugwa kwa kwacha komweko n'kumene kwandiphunzitsa njira ina. Ndalama imene ndikanapereka pa pepala, tsopano ndimaguliratu zipangizo zisanakwere. M'kabokosi kanga muli maimpela awiri, mapulagi anayi, chingwe cholizira injini, oyilo wa giya ndi pulopela yakale yosungira tsoka. Impela ndimasintha chaka chilichonse mwera usanayambe, kaya yatha kaya ayi. Petulo ndimasefa ndisanathire. Pa ulendo uliwonse wa alendo ndimapatula kandalama ka injini n'kupatsa mayi a kunyumba, chifukwa kakakhala m'thumba mwanga kamathera pa bawo.

Kwa amene akufunabe kugula pepalalo, musasaine m'sitolo. Litengereni kunyumba, mupeze mphunzitsi kapena mwana wa sekondale akuwerengereni, ndipo muyambire pa ndime yonena zimene sadzalipira. Funsani ngati kunyamula alendo kapena kupita kukapha nsomba ndi ukonde wa chilimira kukuloledwa. Funsani amene adzalipire thiransipoti, masiku amene adzasunge injini yanu, ndiponso ngati lisiti ya makaniko wa kwanu adzailandira. Wogulitsa akayankha pakamwa, muuzeni alembe pa pepala lomwelo n'kudinda.

Pempho langa lipite ku bungwe la Competition and Fair Trading Commission ndi ku CAMA, bungwe loimira ogula. Dziko lino lili ndi lamulo loteteza ogula kuyambira mu 2003, koma kuno kunyanja ambiri sitidziwa khomo logogoda. Bwanji osalamula kuti mapepala a galanti azilembedwanso m'Chichewa, ndi m'Chiyawo kwa ife a ku Mangochi, ndipo zimene galanti siikhudza zizikhala pa tsamba loyamba ndi zilembo zikuluzikulu? Mubwerenso kuno mudzachititse msonkhano padoko nthawi ya mwezi wowala, asodzi ali kumtunda.

Injini ija ndinakaitenga ku Blantyre ili m'zidutswa m'katoni. Makaniko wa ku Monkey Bay anaika pisitoni ndi maring'i atsopano m'masiku atatu, ndinamulipira theka, lina n'kudzamaliza kumapeto kwa mwezi. Mpaka lero ikuyenda. Pepala la galanti lili ndi miyezi ina isanu kuti lithe, ndipo mayi a kunyumba analiyala pansi pa shelefu ya mbale.

Mwini boti,
Chembe, Cape Maclear, Mangochi