Pa chiliza cha mayi tilembe Yehova kapena Chauta?

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhuleko pa nkhani imene yakhala ikundizungulira m'mutu chiyikireni maliro a mayi anga kwathu ku Dowa, chakufupi ndi Mvera. Ine si m'busa ayi, ndimagulitsa kaunjika basi, ndiye odziwa Mawu andikhululukire ngati pena ndiphonye.

Kwathu tinabadwa asanu, mimba imodzi, bere limodzi, koma lero tili m'mipingo inayi. Ine ndi achimwene aakulu tinatsala ku CCAP kumene mayi anatikulitsira, achemwali anatsatira amuna awo ku Katolika, mng'ono wanga ndi wa Seventh Day, wa Dorika weniweni woti Loweruka simungamupeze pa msika olo mutamulonjeza bwanji, ndiye mzime wathu anapita ku Johannesburg kukasaka maganyu n'kubwerako ali born again, amapemphera ku tchalitchi cha penteko chimene chimakumana m'kalasi ya pa sukulu ina. Pa gulupu yathu ya WhatsApp ya banja mavesi amachita kuponyedwa ngati miyala. Uyu za Sabata, uyu za Maria, uyu za ubatizo womiza. Mayi akadali moyo ankangoseka, amvekere zala za dzanja limodzi sizilingana koma nsima zimatema limodzi.

Ndiye tamverani zimene ndinaona pa maliro. Usiku wochezera uja amayi a Chigwirizano anali mbali iyi, a Dorika mbali iyo, a ku mphakati wa achemwali anabwera pa lole kuchokera ku Lilongwe, ndipo nyimbo ankachita kulandirana, awa akayambitsa enawo n'kuvomera, palibe amene anafunsa kuti nyimboyi ndi ya buku la ndani. Kumoto ndiye kunandigwetsa misozi. Munthu wina wachifundo anapereka nkhumba kuti ikhale ndiwo, aliyense akudziwa kuti a Seventh Day sadya kapado, ndiye mayi wina wachikatolika, popanda womuuza, anatenga poto wina ndi mthiko wake n'kukaika patali, nyemba za anzathu a Dorika n'kuphikidwa pazokha. Analibe msonkhano, analibe komiti. Anangodziwa kuti mnzangayu ali ndi njira yake ndipo naye ayenera kudya.

Kutacha, nthawi ya mwambo itakwana, m'pamene tinaonetsa mbali yathu ina. Mzime wathu amafuna abusa ake ayankhulepo ndi sipika yawo ndi jenereta yomwe anali atabwereka kale, achimwene akuti ayi maliro ndi a mpingo wa mayi ndipo pulogalamu inalembedwa dzulo, mawu anakwera, ine ndemwe ndinalowererapo moipa, ndisaname. Maola awiri athunthu bokosi lili pabwalo, adzukulu atamaliza kalekale kumanda akungotiyang'ana. Anathetsa nkhaniyo ndi amfumu, omwe n'kutchalitchi komwe sapitapita, anangoti inu ana, amene wagona apayu akukumvani. Manyazi ake!

Chimene chikundizunguza n'chakuti bwanji umodzi umatheka pa mafuwa koma umakanika pa maikolofoni? Ndipo si kwathu kokha. Ife a CCAP mu 2024 tinakwanitsa zaka 100 chiyambireni pamene Livingstonia ndi Blantyre anagwirizana mu 1924, Nkhoma n'kudzalowa mu 1926, koma tonse tikudziwa za mkangano wa malire umene unachititsa kuti lero mumzinda wa Lilongwe mukhale mipingo ya Livingstonia ndipo ku Mzuzu kukhale ya Nkhoma. Dzina limodzi, chikhulupiriro chimodzi, matchalitchi awiri oyang'anizana. Munthu wa ku Rumphi kufuna kuimba m'Chitumbuka ali ku Area 25 ine sindikuonapo tchimo, Mulungu amamva zinenero zonse, koma mmene zinayendera zinasiya mabala ndipo ena mpaka pano sapatsana moni bwinobwino.

Chonsecho mipingo ya dziko lino inaonetsapo kale kuti ikafuna imatha. Pa 8 March 1992 kalata ya maepiskopi a Katolika itawerengedwa m'matchalitchi, nthawi imene munthu sumatha kutsokomola n'komwe za boma, mipingo ina yambiri sinanene kuti izo n'za Akatolika. Chaka chomwecho kunabadwa Public Affairs Committee, mmene munali a Katolika, a CCAP, a Anglican ngakhalenso Asilamu, ndipo pa 14 June 1993 tinavota pa referendamu. Nthawi ya mantha tinali amodzi. Ufulu utabwera aliyense anatenga chikwangwani chake. Zimakhala ngati Mkhristu wa ku Malawi amafunika maliro kapena mavuto kuti akumbukire m'bale wake, eti?

Komatu moyo wachikhristu ndi wodzadza ndi zotembenuka chonchi. Paulo akuti pamene ndili wofooka m'pamene ndili wamphamvu. Yesu pa Yohane 12:24 akuti mbewu ikapanda kugwa m'nthaka n'kufa imakhala yokha, ndipo aliyense amene anadzalapo chimanga akudziwa kuti njere imene wakwirira ija sudzaionanso. Kwathu zinachitika chimodzimodzi. Mwana amene anakangana kwambiri ndi mayi pa nkhani ya tchalitchi, amene anawauza pamaso kuti ubatizo wawo wa paukhanda ndi wosakwanira, ndi yemweyo amene anagona pansi pa simenti m'chipatala milungu itatu akuwatembenuza, kuwamwetsa phala ndi supuni, pamene ine wa mpingo wawo, wovala yunifolomu yofanana ndi yawo, ndinkangotumiza ndalama pa foni n'kumati bizinesi yandigwira. Ndiye mundiuze, wa mpingo wa mayi weniweni anali ndani pamenepa?

Ine sindikunena kuti mipingo yonse iphwanyidwe tipange umodzi wa chisakanizo ayi. Mng'ono wanga asunge Sabata lake, achemwali apitirize kolona yawo, mzime aziomba m'manja mpaka denga ligwedezeke. Pa 1 Akorinto 12 akuti thupi lonse likanakhala diso, kumva kukanakhala kuti? Mulungu amene sanapange anthu awiri a chidindo cha chala chofanana sindikhulupirira kuti amafuna tonse tizipemphera mofanana ngati ana a sukulu pa asembule. Chimene ndikupempha abusa, ansembe, akulu a mpingo ndi ife eni mabanja n'chakuti tizichita ngati mayi wa poto uja. Pulogalamu ya maliro kuikamo mphindi zisanu zoti m'busa wa mwana wa malemu apemphere, mpingo ungagwe? Ukwati wa ana a mipingo iwiri uzichita kukhala ngati mlandu wa kubwalo?

Panopa tili pa nkhani ya chiliza. Tonse asanu, kwa nthawi yoyamba, tagwirizana kuti palembedwe Salmo 23, poti ndi imene mayi ankaikonda. Koma achimwene akuti lilembedwe mmene lilili mu Buku Lopatulika la 1922 lija mayi ankawerenga mpaka chikuto chinathothoka, Yehova ndiye m'busa wanga. Achemwali akuti titenge Buku Loyera la 1998, poti limenelo anamasulira pamodzi Akatolika ndi mipingo ina, ndipo mmenemo akuti Chauta. Mzime akuti bwanji tingolemba m'Chingerezi. Mmisiri tinamupatsa kale theka la ndalama, simenti matumba anayi ili m'nyumba ya achimwene, ndipo dzulo wandiimbiranso kufunsa kuti alembe chiyani mvula isanayambe.

Ine wowerenga wanu,
Area 25, Lilongwe