Tiwakumbukire a Abreu ngati mphunzitsi

Akonzi,

Nkhani yanu yokumbukira malemu José Antonio Abreu, katswiri wotsogolera oimba wa ku Venezuela amene anamwalira mu Malichi 2018, inachulutsa za mphoto zawo, pomwe ntchito yawo yaikulu inali ya uphunzitsi. Mu 1975 anayamba ndi achinyamata 11 okha mumzinda wa Caracas, ndipo ndondomeko ya El Sistema imene inabadwa pamenepo inapereka vayolini ndi malipenga kwaulere kwa ana a m'mabanja osauka, n'kumawaphunzitsa kuimba pamodzi akaweruka kusukulu. Gustavo Dudamel, amene anadzatsogolera gulu lalikulu la oimba la ku America lotchedwa Los Angeles Philharmonic, anakulira m'manja mwawo.

Ine ndimaphunzitsa kwaya ya ana kutchalitchi kwathu, ndipo ndaonapo mwana wamanyazi, woti m'kalasi sayankha funso, akuwongola msana n'kutulutsa mawu tsiku limene anzake amudalira kuti ayambitse nyimbo. Chimenechi ndicho a Abreu ankachifunira ana onse.

Choncho ndikupempha kuti nyuzipepala yanu izilemba za aphunzitsi a nyimbo akadali moyo, komanso kuti unduna wa zamaphunziro uike zida zoimbira m'sukulu zapulayimale, ngakhale ng'oma ndi malimba, pamodzi ndi aphunzitsi odziwa kuziimba.

Mphunzitsi wa kwaya,
Zomba